Timipata Tinayi Takuda

A Chifatse anali mmisiri wa makompyuta. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala awo omwe, chifukwa kompyuta ikalowa m'shopu mwawo sinkatuluka msanga. Ankaimanga m'mawa n'kuisiya ikuyaka tsiku lonse akuyesa memole, chipangizo chokumbukira zinthu, mwini wake akungozungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira. Koma ikatuluka sinkabwereranso. Zaka makumi atatu anagwira ntchitoyi m'kachipinda ka zenera limodzi, momwe munali tebulo lalitali, mabotolo a timisomali ndi fungo la fumbi lotentha. Akazi awo atamwalira, kunyumba ankangopitako kukagona.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti maso anali atayamba kuwathawa. Anabisa, munthu wamkulu ndithu kubisa ngati mwana amene waswa kapu. Mantha awo anali amodzi: mwana wawo wamkazi akadziwa, adzawatseketsa shopu n'kuwatenga kuti azikakhala pakhonde kwa iye. Ndiye ntchito ankangoigwira ndi zala ndi mutu.

Mwana wawoyo ankajambula mapulani a nyumba, ndipo kompyuta yake inali itatopa. Anagula zipangizo zatsopano zokhazokha n'kudzazitula patebulo la bambo ake.

"Ababa, wina sindingamukhulupirire. Mundimangire ndinu."

A Chifatse anaimanga ndi mtima wonse. Memole inali timapale tiwiri, ndipo mwanayo anali atanena kuti liwiro lake ndi 3200. Atayatsa, anafikitsa mphuno pasikirini n'kuwerenga movutikira: 2133. Sanadabwe, pakuti memole yatsopano imayamba mwaulesi mpaka mmisiri ailamule kuti ithamange. Anailamula, n'kuyatsanso. Mafani anazungulira, koma sikirini inangoti bii.

Anachotsa kabatire ka pabolodi, thabwa lalikulu pamene zipangizo zonse zimalumikizidwa, kuti kompyuta iiwale lamulolo. Inadzuka, koma pa 2133 pomwe paja. Anapukuta timapale tija, anatisinthanitsa, anayesanso. Masiku atatu anathera pamenepo, akutukwana ogulitsa amene sanalakwe kanthu.

Vuto linali laling'ono mochititsa manyazi. Bolodi imakhala ndi timipata tinayi ta memole, ndipo timapale tikakhala tiwiri tili ndi malo ake amene opanga anasankha. Mabolodi akale ankathandiza munthu: timipata tiwiri tabuluu, tiwiri takuda, iwe n'kungotsata mtundu. A Chifatse anazolowera zimenezo. Koma opanga a masiku ano, pofuna kukongoletsa, anadetsa tonse tinayi n'kulembapo timalemba tating'onoting'ono, ngati kuti mmisiri sakalamba. A Chifatse anangopapasa n'kulowetsa m'kampata koyamba ndi kachitatu.

Tsiku lachinayi masana mwana uja anabwera. Sanadandaule. Anakhala pampando wa makasitomala n'kumatsegula kabuku ka bolodi kamene kanali kadakali m'pepala lake, poti bambo ake sanakakhudze n'komwe. Anayang'ana chithunzi cha m'kabukumo, anayang'ana m'kompyuta, kenako anaimirira n'kuloza pambali pa kampata kachiwiri.

"Ababa, apa alembapo chiyani?"

A Chifatse anawerama. Anaona kamzere kotuwa kokhakokha. Akanatha kunena kuti sakuona, koma kunyada kunafulumira kuposa nzeru.

"Ndi dzina la kampani limenelo."

 Panja munthu ankakankha wilibala yolira, ndipo onse awiri anaimvetsera mpaka inapitirira.

"Alemba kuti muyambire apa, ababa," anatero mwanayo motsitsa mawu. "Kachiwiri ndi kachinayi. Pali ndi kamuvi koloza."

Sanawalande ntchito. Anabwerera m'mbuyo n'kuwasiya asunthe okha timapale tija. Zala zija sizinaphonye. Kalikonse kanalowa n'kulira kuti tha. Analamulanso liwiro, anayatsa, ndipo sikirini inawala.

"3200," anawerenga mwanayo, iwo asanafikitse nkhope pagalasi.

Pa zaka zonse zija, aka kanali koyamba kuti kompyuta ichire a Chifatse osasangalala. Anakhala pansi, manja ali pamaondo. Anachita manyazi, komanso mtima unapepuka, pakuti bodza limatopetsa.

"Zinayamba liti?" anafunsa mwanayo.

"Chaka chatha, mwanangu. Mwina kupitirira."

"Ndiye osanena? Ine ndine mlendo kwa inu?"

"Ndimati unditsekera shopu."

"Shopu! Inu mukuganiza za shopu?"

A Chifatse anapukusa mutu. Poti zinali zitaululika, anaona kuti bola atulutse zonse.

"Khanda lako lija unabwera nalo mwezi watha, ndinati lafanana ndi iwe. Ndinangonena. Sindinalione nkhope, mwanangu. Mpaka lero mdzukulu wanga sindikumudziwa."

Mwanayo anatembenukira kuzenera. Atapukuta m'maso anati, "Tikupita kuchipatala cha maso lero lomwe. Za shopu tikamva kumeneko, ndipo sindikulonjezani kanthu."

A Chifatse sanatsutse. Anazimitsa kompyuta, anapapasa kiyi pamsomali, natseka chitseko dzuwa lili pamutu. Pakhomopo panali masitepe awiri amene anawatsika kwa zaka makumi atatu osagwira chilichonse. Tsiku limenelo anaima pamwamba pake n'kutambasula dzanja.

"Ndigwire, mwanangu. Lachiwirili sindiliona."