Nyama ya M'chitini pa Phiri la Nkhoma

Munthu amene anandiphunzitsa kuyenda m'mapiri anali telala. Shopu yake inagundana ndi shedi yanga ku Biwi, komwe ndimawotcherera mageti ndi zitseko zachitsulo. Anali Msilamu wa ku Mangochi, wamsinkhu wanga, ndipo tinkangoitanana kuti amwene. Tsiku lina Lachisanu, akuchokera ku mzikiti, anaima pakhomo panga n'kudikira mpaka nditazimitsa makina.

"Amwene, maso anuwo adzatha ndi moto umenewu," anatero. "Mawa tiyeni mukaoneko zinthu zakutali."

Ndinkayesa akunena za mpira. M'mawa mwake anatulukira ndi zikwama ziwiri zoberekera kumsana, zogula pakaunjika, atazilimbitsa zingwe pa makina ake. Tinakwera minibasi kupita ku Bunda. Nthawi imeneyo ukwati wanga unali utatha, ana ali ndi mayi awo ku Kasungu, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndinkangogona m'chipinda changa cha lendi ku Kawale. Ndinalibe chifukwa chokanira.

Kuyambira pamenepo tinkapita pafupifupi mwezi ulionse wachilimwe: Bunda, Ngala, Nkhoma, ndipo ulendo wina tinalowa mpaka ku Dzalanyama. Katundu sankasintha. Bulangete, pepala lalikulu lapulasitiki loyala pansi, kapoto, machesi, madzi, masamba a tiyi, buledi, anyezi, tsabola wa kambuzi, tomato wosapsa kwambiri kuti asaphwanyike, ndi chitini chimodzi cha nyama. Chinali chija cha makona anayi, chokhala ndi kakiyi komatidwa pambali. Ankagula ndi iyeyo. Ankachedwa nacho m'sitolo, kuchitembenuza uku ndi uku kufunafuna chizindikiro chakuti ndi halali, ndipo akachisowa ankachibweza pashelefu ngakhale minibasi itisiye.

Kaphikidwe kake ndinaphunzira poyang'ana. Ankasanja miyala itatu pamalo obisika kumphepo n'kusonkha timitengo. Akatsekula chitini, ankayamba wapala mafuta oyera apamwamba aja n'kuwaponya m'poto, ndiye sitinkanyamula mafuta ophikira. Anyezi akafiira ankaika tomato ndi kambuzi mmodzi. Nyama inkalowa komalizira, ndipo sankalola kutakasa kwambiri.

"Mukaivutitsa isanduka phala," ankatero. "Mchere musayerekeze, anathiriratu kufakitale."

Ikapsa ankalemba mzere ndi supuni pakati pa poto, mbali yake ndi mbali yanga. Tinkasusa ndi buledi, miyendo ili lende pathanthwe, iye akulongolola za makasitomala ake, makamaka amayi amene amabweretsa nsalu yochepa n'kufuna diresi la mapiko. Kunyumba nyama imeneyi sindinaikondepo. Ili ndi kafungo kachitsulo ndipo imamatirira kukamwa. Koma munthu utakwera phiri ndi katundu kumsana, imakoma mosaneneka.

Kenako ntchito yosoka inayamba kuvuta. Anthu ankagula zosokasoka zotsika mtengo, ndipo iye ankatha tsiku lonse akungopinda mathalauza. Anagulitsa makina n'kupita ku Joni. Miyezi yoyamba ankanditumizira mauthenga a mawu pafoni, akudandaula kuzizira. Pambuyo pake anayamba kubwera patalipatali, mpaka nambala ija inasiya kupezeka. Mkazi wake anali atabwerera ku Mangochi, ndiye panalibe womufunsa. M'shopu muja munalowa wokonza mafoni.

Chilimwe chonse chotsatira chikwama chinakhala pamsomali. Mu Okutobala, chipinda chitatentha moti sindikanatha kukhalamo, ndinachitsitsa. Ndinagula chitini, ndipo ndinadzipeza ndikuchitembenuza kufunafuna chizindikiro chija, ngakhale ine ndimapemphera kutchalitchi.

Ndinapita ku Nkhoma. Kukwera wekha kumafulumira chifukwa palibe woima naye, ndipo ndinafika pamalo athu dzuwa likadali pamutu. Miyala yathu itatu inali pomwepo, yakuda mbali imodzi. Ndinaphika monga ankaphikira iye. Nditadya theka ndinakhuta, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana yotsalayo. Nyama ya m'chitini ikatsekulidwa sigona, makamaka kukatentha choncho. Kutaya sindikanatha, kumaliza sindikanathanso.

Ndili chikhalire ndinamva kuthyoka kwa timitengo kumbuyo kwanga. Anali mayi achikulire, ochepa thupi, atasenza mtolo wa nkhuni. Anautula n'kuima chapatali.

"Odi kumeneko."

"Odini, amayi."

"Ndinaona utsi, ndiye ndimayesa wina wayatsa tchire. Mwabwera kudzapemphera?"

"Ayi, ndangobwera kudzayenda."

Anayang'ana poto, chikwama, kenako ine. "Muli nokha?"

"Ndili ndekha. Ndachokera ku Kawale."

"Kusiya nyumba m'tauni kudzaphikira pamwala," anatero, osaseka, ngati akungodziuza okha.

Ndinawapempha kuti adye nane. Anakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu anakhala pamwala n'kupukuta manja pachitenje. Ndinakondwa kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinayamba kulankhula ngati wotsekulidwa pakamwa: za mnzanga uja, za ku Joni, za mmene amaphikira nyamayi, za ana anga. Iwo ankangoti "ee" ndi "zoona". Ananunkhiza poto n'kunena kuti nyama yotereyi anailawapo kamodzi ali mtsikana, mlongo wawo atabwera nayo kuchokera kumigodi.

Anang'amba buledi pakati n'kulowetsamo nyama yonse ndi supuni, mpaka kukokota m'mphepete. Ndinkadikira kuti alume. Koma anapempha jumbo ya buledi, anakulunga bwinobwino n'kumangirira pangodya ya chitenje.

"Musandione chipongwe, abambo," anatero. "Akunyumba akudwala. Phala akukana, chilichonse akuti chikuwawa. Mwina izi alawako."

Ndinati palibe vuto. Anapemphanso chitini chopanda kanthu chija kuti azisungiramo mchere. Ndinatenga mwala n'kupinda m'mphepete mwake monse kuti chisawacheke, ndipo ndinachita zimenezi pang'onopang'ono, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikamaliza anyamuka. Ndinawasenzetsa mtolo uja. Anathokoza, analoza mudzi wawo m'munsi pafupi ndi mjigo, n'kuyamba kutsetsereka. Kwa kanthawi ndinkamva nkhuni zikukhula miyala. Kenako kunangotsala mphepo.

Ndinagona pomwepo, ndipo m'mawa ndinamwa tiyi wopanda buledi n'kutsika.

Nyengo yonse ya mvula ndinkawakumbukira mayi aja. Ndikamawotcherera ndinkadzifunsa ngati bambo odwala aja analawa kapena anakankhira kumbali. Mvula itatha ndinagula zitini ziwiri n'kukwera minibasi yomweyo. Ulendo uno sindinalunjike kuphiri, ndinayamba ndadzera pamjigo paja. Panali amayi atatu akutunga madzi. Dzina la mayi a nkhuni aja sindinkalidziwa, ndiye ndinangofotokoza maonekedwe awo, ndi kuti amuna awo ankadwala chaka chatha.

Anayang'anana. Wamkulu mwa iwo anasiya kupopa.

"Bambo aja anatisiya mvula yoyamba isanagwe," anatero. "Mayiwo anali achitengwa, sanali akuno. Maliro atatha abale awo anabwera kudzawatenga. Ali kwawo, cha ku Dedza uko."

"Mudzi wake mukuudziwa?"

Wina anatchula mudzi wina, mnzake anatsutsa natchula wina. Kenako anandifunsa ngati ndinali mbale wawo. Ndinati ayi, tinangokumana kuphiri. Ndinafuna kufunsa za nyama ija, koma ndinaona kuti funsolo likanamveka lopusa. Ndinawathokoza n'kuuyamba wokwera.

Pamwamba ndinatsekula chitini chimodzi n'kudzikakamiza kudya yonse. Palibe anabwera tsiku limenelo, ngakhale kuti ndinasonkha moto wautsi wambiri. Chachiwiri chija ndinatsika nacho, chikundigogoda pamsana njira yonse.

Ndinafika ku Kawale Lamlungu madzulo, anthu akuchokera kumsika. Akazi a alandilodi anga anali pakhonde akusankha mpunga.

"Takulandirani, abambo a kumapiri. Mwatitengerako chiyani?"

Ankanena mwanthabwala, monga ankachitira nthawi zonse. Ndinatsitsa chikwama n'kuwapatsa chitini chija. Anadabwa, anachiyang'ana mbali zonse, n'kuitana amuna awo kuti adzaone.

Khoma la pakati pa chipinda changa ndi khitchini yawo silifika kudenga. Posakhalitsa ndinamva kulira kwa mafuta, kenako fungo la anyezi linadzaza chipinda changa. Ndinamva akukangana za mmene atsekulire, wina akuti athiremo madzi kuti ikwanire onse, ana akulimbirana kunyambita supuni. Akazi a alandilodi aja anafunsa ngati ifuna mchere, ndipo ndinatsala pang'ono kuyankha kudzera pamwamba pa khoma. Ndinavula nsapato, ndinakutumula mchenga ndi timbewu taudzu pakhomo, n'kuteleka madzi a tiyi.