Inki pa chala cha Tadala

Nditamva kuti azaumoyo akuyenda ndi katemera wa poliyo m'mudzi mwathu ku Kapondo, ndinachita mantha. Kuchigayo ankanena kuti amalumalitsa ana. Ndinkadziwa kuti mwana akalandira amamupaka inki pachala, ndiye ndinatenga cholembera n'kumupaka ndekha Tadala wanga.

Mayi wazaumoyo atafika ndinati, "Walandira kale, anzanu anadutsa."

Anagwira kadzanja kaja n'kumwetulira. "Amake Tadala, ife timapaka kachala kakang'ono kakumanzere. Inu mwapaka chamkombaphala, ngati wakavota."

Manyazi anandigwira. Iwo anangokhala pamphasa, n'kundifunsa chimene ndinkaopa, ndipo anandiyankha osandinyoza. Ndinamuyasamitsa ndekha mwanayo, analandira madontho awiri, basi.

Pano Tadala akathamanga sindimupeza. Koma mayi aja tikakumana kumsika, amandifunsabe kuti mwana wanga anavotera ndani.