Wamng'ono Ndiye Amakoka

Ndinaphunzitsa kemisitiri zaka zambiri pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Chipoka. Labu tinkangoimva kwa anzathu a m'tauni. Tebulo la ma elementi ndinachita kujambula ndekha kuseri kwa kalendala yakale.

Tsiku lina ndi ana a Fomu 4 tinafika pa electronegativity, mphamvu imene atomu imakokera ma elekitironi amene ikugawana ndi inzake. Ana anangoti kukamwa yasa. Ndiye ndinajambula khoka, ukonde waukulu uja, pabolodi, anthu ali mbali ziwiri akukoka zingwe. Ndinati ma atomu nawo amakoka chomwecho: ukamapita kumanja kwa tebulo mphamvu imakula, ukamatsika imachepa, ndipo fulorini, pamwamba kumanja, ndiye katswiri. Anaseka, anawomba m'manja, ine nkumadzimva kuti kuphunzitsa ndimakutha.

Pa mayeso oyeserera mpamene ndinaona chimene ndinapalamula. Pafupifupi onse analemba kuti ayodini, imene ili m'munsi mwa tebulo, imakoka kuposa fulorini chifukwa ndi yaikulu. Nanga mwana wa kunyanja akanaganiza bwanji? Pa khoka okoka mwamphamvu ndi azibambo a zifuwa, osati tiana.

Amene anandiwawitsa mtima ndi mtsikana wina wanzeru amene ankafuna unamwino. Bambo ake anali atamuuza kuti akalephera, za sukulu zathera pomwepo, azikayanika usipa ndi amayi ake. Ndinamuitana nkumufotokozera kuti atomu ikakula, ma elekitironi amatalikirana ndi pakati pake, ndiye kukoka kumafooka.

"Ndamva, aphunzitsi," anatero. "Koma ndikangotsinzina ndikumaona amalume anga pachingwe."

Ndinabwereza kangapo mpaka ndinamukalipira, ngati wolakwa anali iye. Koma madzi akatayika saoleka. Zotsatira za mayeso a boma zitatuluka, kemisitiri inali itamugwetsa. Kaya funsolo linabweradi pa mayeso, sindidziwa. Ndinaopa kufunsa, ndipo mpaka lero ndimaopabe.

Chaka chatha ndinamupeza kudoko, mwana kumsana, akutembenuza usipa pathandala. Anandigwadira, anandipimira mbale yodzaza nkuikapo basela. Ndinafuna kupepesa koma ndinangolandira usipawo.

"Aphunzitsi, paja wamng'ono ndiye amakoka kwambiri eti?" anafunsa akumwetulira. "Pano ndiye ndimakumbukira bwinobwino."

Ndinangovomera ndi mutu. Nditafika kunyumba usipawo ndinapatsa aneba, ine osalawako.