Ndowa ya Kimchi ya a Pyon

A Pyon Dok-su ali ndi zaka 67, ndi mlimi wa kabichi ndi adyo kummwera kwa Korea, ndipo anakhalapo phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawo chawo. Mpandowo sanautenthetse.

Anawakankhira kumeneko ndi alimi anzawo, mtengo wa adyo utagwa. Atapambana anagula suti imodzi. M'nyumbamo ankalankhula za ngalande zothirira basi.

Dzinja la chisanu litayandikira, akazi awo a Ok-bun anaitana amayi a m'mudzi kudzapaka kabichi mchere ndi tsabola, kukonza kimchi wodya nyengo yonseyo. Aliyense wothandiza amadya nkhumba yowiritsa n'kupita kwawo ndi ndowa yake. Zakhala choncho chikwatirane.

"Nanga lamulo lija?" anafunsa a Pyon. "Akuti phungu asamadyetse ovota."

"Ovota ake ati? Awa ndi amake Sun-ja, tinalerera limodzi ana. Ndiwabweze ndi njala? Tanyamulani ndowayo, mwaima ngati mtengo."

Ananyamula.

Posakhalitsa oyang'anira zisankho anawaitana n'kuwaonetsa chithunzi: iwo pageti, akupereka ndowa kwa mayi uja. Anachiyang'anitsitsa. Wojambula anali pamwamba, cha kumpanda wakum'mawa. Kuseri kwa mpandawo kumakhala a Yom Chil-song, mnzawo wokulira naye limodzi.

A Pyon anakawapeza a Yom ali pamakwerero, akudulira mtengo.

"Achimwene, makwerero anuwa ndi aatali ndithu."

"Ndi omwe aja, bwana phungu. Munagwapo kale, mwaiwala?"

"Pamwambapo mumaona bwino pakhomo panga?"

"Ndimaona alamu akukukalipirani. Koma zimenezo ndimamva ngakhale ndili pansi."

A Pyon anaseka ndi mano okha. Foni ya a Yom inkasuzumira m'thumba la malaya. Koma ndani alibe foni masiku ano? Anatembenuka osafunsa chimene anabwerera.

Nkhaniyo itafika kukhoti, a Pyon sanakane. Ndowa inali yawo, kabichi wawo, manja awo. Mpando unapita chaka chisanathe.

Amene anawalowa m'malo ndi mphwawo wa akazi a Yom. Ena amati zinangochitika. Ena amati anajambula ndi wokonza mawaya a magetsi amene anakwera mzati tsiku la kimchi lija. A Ok-bun amakayikira amake Sun-ja, ati anamwetulira kwambiri polandira.

Wojambula sanadziwike mpaka lero. A Pyon ndi a Yom amapatsana moni pamsewu, koma wina salowa pakhomo pa mnzake.