Kirimu wa pa tsaya la azakhali Eugénia

Azakhali anga a Eugénia ankasoka zovala pakhonde la loja, sitolo yopanda denga, ku Fíngoè, ku Mozambique, pa makina amene tinabwera nawo kuchokera ku Ukwimi, msasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Ankakhala chammbali, tsaya lamanzere litaloza kukhoma. Pa tsayalo panali chipsera cha moto, kuyambira pansi pa diso mpaka pachibwano. Anapsa tsiku limene mudzi wathu ku Chiputo unatenthedwa pa nkhondo, ndipo pothawa tsiku lomwelo mwana wawo Lina, wa zaka zinayi, anasowa.

Mu 1994 katekista wina anabwera ndi uthenga wakuti Lina ali moyo. Amene anamtola ndi a Marcelina a ku Malowera, ndipo adzabwera naye Loweruka kuti mtsikanayo, amene tsopano anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, aone mayi ake ndi kusankha yekha kokhala.

Azakhali sanalulute. Anaimitsa makina nati, "Akadzaona nkhope iyi adzathawa. Ana a ku Ukwimi ankathawa."

Ine ndinakulira ku Zambia, ndipo masiku amenewo zonse za kuno ndinkaziona zachimidzi. Ndinasesapo mu saluni ku Petauke miyezi itatu, ndiye ndinkadziyesa katswiri. "Zimabisika zimenezo, azakhali," ndinatero.

Tinapita kwa a Pascoal, ogulitsa sopo ndi mabatire m'kachipinda kamdima kuseri kwa msika.

"Dona Eugénia, kereme? Wamwayiyo ndani kodi?"

"Gulitsani, a Pascoal. Si inu apolisi."

Anatulutsa kirimu wa m'kabotolo kokongola, mtengo wake ngati thumba la chimanga. Tinangoseka. Wina anali wamadzimadzi, chipsera chinkaonekerabe. Wachitatu anali wa m'kachitini, wolimba ngati phula, wotchipa, ndipo analipo wakuda ndi woyererako.

"Tengani wakudawu," anatero a Pascoal.

"Ku Petauke palibe amadzola wakuda chotere," ndinawadula. Ndinapaka woyererawo mkati mwa mkono wa azakhali, pamene dzuwa siliwomba, ndipo mumdimamo unagwirizana ndi khungu.

Loweruka m'mawa ndinawadzoza m'nyumba, zenera litatsekedwa ndi thumba. Ndinapaka katatu. Tsaya limodzi litasiyana ndi linzake, ndinapaka nkhope yonse. Chipsera chinasoweratu. Azakhali anadziyang'ana nthawi yaitali pa kachidutswa ka kalilole.

Kamiyau, lole ya ku Malowera, inafika masana. Titaima padzuwa m'pamene ndinawaona bwino: nkhope yotuwa ngati phulusa, pa khosi lakuda. Ndisanalankhule, mayi wina wamfupi anali atatsika kale, mtsikana wamtali ali pambuyo pake.

"Lina," anaitana azakhali.

A Marcelina anachita chizindikiro cha mtanda. Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda tayala.

Panali chinthu chimene ine wokulira kunja sindinachiganizire. Otsala kuno anali atatilira kale. Lina anametedwa mpala pa maliro a mayi ake ali ndi zaka zisanu, ndipo za katekista sanazikhulupirire kwenikweni. Tsopano wakufayo anali ataima pamsika, wotuwa mbuu.

"Ndi mzukwa," ananong'ona, atagwira kapulana, chitenje cha a Marcelina. "Amayi, tiyeni tizipita."

Dalaivala anafuula kuti akangotsitsa matumba akubwerera, wotsala atsale mpaka sabata yamawa. Lina anaponda tayala kuti akwere.

Azakhali sanandiyang'ane n'komwe. Anapita pa chigubu cha madzi cha dalaivala, nanyowetsa nsonga ya kapulana, nayamba kupukuta. Kirimuyo sankachoka ndi madzi. Anangomwazika, nkhope n'kuipiratu.

"Sopo!" anakuwa. A Pascoal anabwera akuthamanga ndi chidutswa cha sopo wochapira.

Msika wonse unaima kuonerera mayi amene zaka zonsezi ankabisa tsaya kukhoma akulikhula pagulu ngati poto. Chipsera chinatuluka chofiira. Khungu la pamenepo ndi lopyapyala, linang'ambika, magazi n'kutsikira pachibwano.

"Ndinapsa, mwanangu," anatero atagwada m'fumbi. "Sindinafe. Ndinangopsa."

Lina anali pamwamba pa matumba, akuyang'ana. A Marcelina, amene akanapindula mwanayo akanathawa, ndi amene anamukoka mwendo.

"Tsika iwe. Unaonapo mzukwa ukutuluka magazi?"

Anatsika pang'onopang'ono. Anaima patali ndithu, manja kumbuyo.

"Zikuwawa?"

"Sopoyu ndiye akuwawa."

Dalaivala analiza hutala kawiri. Lina anayang'ana a Marcelina, kenako azakhali, kenako anakwera tayala lija kachiwiri. Azakhali anatseka maso. Mtsikanayo anatambasula dzanja pakati pa matumba, natsitsa kamtolo ka zovala zake, ndi ka a Marcelina komwe.

Tsiku limenelo sanawatchule kuti amayi. Koma kamiyau inapita yopanda iye.