Tsiku Limene Anandituma Lezala ku Lizulu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene m'bere la amayi munatuluka chotupa cholimba ngati mbatatesi yosapsa. Nthawiyo ankayamwitsa mng'ono wanga Tadala, ndiye azakhali anagamula msanga kuti mwana wageyera bere, liphwa lokha. Silinaphwe. Tadala anafika posiya kuyamwa chotupacho chili pompo.

Kuchipatala cha ku boma anawatumiza ku Blantyre, ndipo anabwerako ndi mawu amene pakhomo tinkangowanong'ona: khansa. Madokotala anati bere lichotsedwe, tsiku anawapatsa. Bambo anali ku Joni, choncho nkhani inagwera amalume, eni mbumba, ndipo iwo anakanitsitsa.

"Mlongo wanga sadulidwa ngati mbuzi," anatero. "Opita kumpeni sabwerako."

M'mawa wa tsiku loti amayi anyamuke, amalume analawirira ndi bambo wina wotema mphini, kuti awateme pabere n'kupakapo mankhwala. Lezala latsopano m'nyumba munalibe, basi anandituma ine kumsika. Amayi anali pamphasa, chikwama chawo cholongedza kale chili pakona. Anangondiyang'ana, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Ku Lizulu kunali mphepo ija yolowa m'mafupa, fungo la anyezi ponseponse, anyamata akukuwa ndi matumba a kabichi. Ndisanafike paokala, wina anandigwira mkono. Anali a Nangozo, omwe ankagulitsa mbatatesi moyandikana ndi amayi.

"Iwe Chisomo, ukutani kuno? Mayi ako akwera kale?"

Ndinangoyamba kulira, zonse n'kuulula. Mayi aja anasiya milu yawo ya mbatatesi osaphimba n'komwe. "Lezala lisiye. Tiye kwanu."

Tinapeza bambo uja akusakaniza mankhwala akuda m'kaphale. A Nangozo anagwada, n'kupereka moni mwaulemu wake wonse. Kenaka anavula juzi, anavula bulauzi, pamaso pa amalume! Kansanza kopindapinda kanagwa pansi. Kumanzere kunalibe bere, kunali chipsera chachitali chofika kukhwapa.

Amalume anatembenuza nkhope. "Aaa, mayi, n'chiyani chimenechi?"

"Yang'anani, bambo, musayang'ane kumbali. Mpeni mukuuopawo unadutsa apa. Ndinafa ine? Matumba aja mumandiona ndikusenza pamsika, amasenza ndi mzukwa?"

Ndinkadziwa kuti amalume akangokalipa, zatha. Anayang'ana chipsera chija nthawi yaitali, kenaka anazyolika. Amayi anadzuka pang'onopang'ono, anapereka Tadala kwa azakhali, n'kunyamula chikwama.

"Achimwene, ndikupita. Muzindipempherera."

Amalume sanaime pakhomo kuwatsekereza. A Nangozo anatola kansanza kawo, n'kuwaperekeza amayi mpaka pamsewu.

Amayi anabwerako. Anaonda, tsitsi linathothoka ndi mankhwala, koma mpaka lero alipo, akulima mbatatesi ndi kukalipira zidzukulu. Amene zinawavuta ndi a Nangozo. Pamsika panalibe ankadziwa za chipsera chawo kupatula amayi, poti nthawi ya matenda awo anthu ankati ali kwa amuna awo ku Joni. Koma pakamwa pa azakhali, ine! Sabata isanathe msika wonse unali utamva. Ena ankawaloza ndi milomo akamadutsa, ena analeka kuwagula, ati matendawo angapatsirane kudzera m'mbatatesi.

Nditakula ndinawafunsa ngati tsiku lija sanachite manyazi. Anaseka. "Ndinachita, mwanawe. Nanga ndikanavala bulauzi yanga bwinobwino n'kupita kumaliro a mayi ako?"

Ndili mwana ndinkati amayi anawapulumutsa ndi madokotala okha. Lero ndine mayi, ndipo ndikudziwa kulemera kwake koti mkazi avule pamaso pa amuna achilendo n'kuonetsa chimene wakhala akubisira mudzi wonse. Madokotala anachita mbali yawo, inde, koma pakanapanda a Nangozo amayi sakanafikako, ndipo ine ndikanabwera nalo lezala lija m'manja mwangamu.