Chiseyeye cha Abambo

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anasiya kudya chimanga chokazinga. Tinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi pasukulu ina yamishoni kufupi ndi kwa Kaphuka. Ine ndinali Sitandade 4, ndipo mphunzitsi wa kalasi yathu anali abambo omwewo, a Kadzuwa. Miyezi ya Juni ndi Julaye kumeneko kumazizira mofika m'mafupa. Nkhungu inkatsika m'mapiri m'mamawa n'kuphimba minda ya mbatata ya kachewere, moti belu la sukulu tinkangolimva osamuona woliza. Tikaweruka, amayi ankakazinga chimanga m'phale n'kuwaza timadzi tamchere, ndipo abambo ankadzaza thumba la jekete, n'kumakukuta akuchonga makope pakhonde. Chaka chimenecho anayamba kukankhira mbale ija kwa ife ana. Ankangoti mano atopa.

Zina ndinali nditaziona kale, kungoti sindinkadziwa kuti n'zogwirizana. Akaluma pichesi, pamene alumapo pankatsala timagazi. M'mawa akamachukucha mkamwa kuseri kwa nyumba, madzi ankatuluka ofiirira. Nkhama zawo zinali zotupa, zofiira moderako, ndipo mano akumunsi ankaoneka ngati akutalika. Chodabwitsa n'chakuti abambo anali munthu waukhondo kwambiri. Malaya awo ankasitidwa mpaka kolala kuuma, nsapato zinkawala, ndipo Lolemba lililonse ankatiyendera pamzere kuona zikhadabo ndi kuseri kwa makutu. Koma mano awo ankangowadutsitsa chala ndi madzi, nthawi zina ndi makala osinja. Ankasutanso fodya wopichira okha, mobisa kuseri kwa khola la nkhumba, poti anali mkulu wampingo. Ankaganiza kuti palibe akudziwa. Utsi tinkauonera pazenera.

Kenako kunabwera fungo. Linali fungo lolemera, ngati la nyama yoiwalika m'mphika, ndipo linkakula akamalankhula mokweza. Kunyumba palibe ankalitchula. Amayi anangosuntha mpando wa abambo kuuika pafupi ndi khomo, n'kunena kuti pamenepo ndiye powala bwino. Za magazi zokha ndizo ankanena. Ankati n'chiseyeye, ndipo anatumiza mawu kwa azakhali athu a ku Chongoni, omwe anabwera ndi makungwa oti aziwiritsa. Azakhaliwo anaonjezera kuti matenda otere sangobwera okha kwa munthu amene wangokwezedwa kumene kukhala wachiwiri kwa ahedi. Abambo anawakalipira kuti m'nyumba mwawo salola nkhani zaufiti, koma madzi a makungwa aja ankachukucha nawo mwakachetechete. Kuchipatala anakana. Ankati sangasiye ana m'kalasi chifukwa cha chinthu chosapweteka, komanso kuti anthu akumeneko chimene amadziwa n'kuzula basi.

Kusukulu madesiki akutsogolo anayamba kusowa okhalapo. Ana amene kale ankalimbirana kukaonetsa masamu patebulo la aphunzitsi tsopano ankatumiza makope kudzera mwa anzawo. Ine ndinkaona, koma chifukwa chake ndinkachikankhira kutali. Tsiku lina tikusesa bwalo, mtsikana wina wamkulu thupi dzina lake Felesiya, amene ankabwereza kalasi, anatsina mphuno yake n'kuyamba kuyenda ngati abambo, manja kumbuyo, akutengera mawu awo akuti tiyandikire timve bwino. Anzathu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wina anachenjeza kuti tisiye, a Kanyimbi angatimve. Apo m'pamene ndinadziwa kuti abambo ali ndi dzina lina, ndipo sukulu yonse inkalidziwa kupatula ine ndi eni ake.

Sindikumbukira kuganiza chilichonse. Ndinangopezeka ndam'menya Felesiya ndi tsache kumaso, iye n'kundigwetsa pansi, tonse tikugubuduzika m'fumbi lozizira lija. Diresi lake la yunifolomu linang'ambika paphewa. Anatitengera kwa abambo, omwe anali atakhala pansi pa mtengo wa paini pafupi ndi ofesi.

Anafunsa chimene tamenyanirana. Tonse awiri tinangoyang'ana zala zathu zakumapazi. Abambo ananena kuti mwana wa mphunzitsi akayamba ndewu popanda chifukwa, chilango chake chimakhala chowirikiza, ndipo ndikwapulidwa pamaso pa sukulu yonse. Kenako anawerama n'kuyandikitsa nkhope yawo kwa ine.

"Lankhula, Esinati."

"Amakutchulani Kanyimbi," ndinatero. "Akuti mkamwa mwanu mumanunkha."

Anafunsa motsitsa mawu, "Nanga iweyo ukuti bwanji?"

"N'zoona, abambo."

Pasukulu linali lamulo lawo kuti ndiziwatchula aphunzitsi ngati ana ena onse. Tsiku limenelo sanandikonze. Anaweramuka pang'onopang'ono, n'kutiuza kuti tonse awiri tikazule chitsa cha bulugamu chimene chinali kuseri kwa kalasi yachitatu. Ndodo sanaigwire. Chitsa chija chinatitengera masana atatu, ndipo manja anga anatuluka matuza. Ine ndi Felesiya sitinakhale mabwenzi, koma pofika tsiku lachitatu tinkalandizana khasu popanda kutukwanana.

Amayi atamva anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti pali zinthu zimene mwana sanena kwa bambo ake, ngakhale atafunsidwa. Zinali zaka zimene ngakhale akuluakulu ankayeza mawu asanawatulutse, ndipo nkhani zambiri zinkathera pa kutsokomola ndi kuyang'ana pakhomo. Sabata yonseyo abambo anaphunzitsa atayang'ana kubolodi. Akatembenuka, dzanja linkakhala pakamwa. Lamulungu anasiyira munthu wina kutsogolera kwaya, chinthu chimene anali asanachitepo. Madzulo ena dzuwa likulowa, ndikutsuka mbale pafupi ndi khonde, ndinawamva akufunsa amayi kuti zimenezi zinayamba liti. Amayi anayankha kuti patha chaka, mwina n'kupitirira. Ndinangomva mpando ukukhuluzika.

Sukulu itatsekera, tinapita kuchipatala cha kuboma pa tsiku limene munthu woona za mano ankakhalapo. Amayi anaumirira kuti nanenso ndipite, chifukwa anali atandiona ndikulavula magazi ndikudya nzimbe. Tinalawira nkhungu isanachoke, udzu wonyowa ukutimenya m'miyendo, mpaka kumsewu waukulu. Pokwerera basi panali anyamata a malaya ofiira ofunsa makadi achipani, ndipo ankadziwika kuti sachedwa kupeza chifukwa chomuimitsira munthu. Mmodzi anayandikira abambo n'kuwafunsa kumene akupita. Abambo anachotsa dzanja pakamwa n'kuyamba kufotokoza bwinobwino mwauphunzitsi. Mnyamata uja anabwerera m'mbuyo, n'kuwabwezera kadi asanaiwerenge n'komwe. M'basi abambo anandiyang'ana, ndipo ndinaona ngati akufuna kuseka, koma anatembenukira pazenera.

Woona za mano uja anali wachinyamata, wamfupi, wovala chikhoti choyera chomukulira. Anawakhazika abambo pampando wautali, n'kuwaunika mkamwa nthawi yaitali osakwinya nkhope ngakhale pang'ono. Ankagwedeza dzino lililonse ndi chala. Atamaliza anawauza kuti mano awo ambiri ndi abwino, sanabooke, koma chimene chawonongeka ndi pamene anamera. Anati zili ngati mtengo wa pamtsetse umene dothi lake lakokoloka: mtengowo ulibe matenda, koma ugwa ndithu. Zotsalira za chakudya zimakhazikika pamene dzino lakumana ndi nkhama, ndipo zikapanda kuchotsedwa tsiku ndi tsiku zimauma n'kukhala ngati mwala. Nkhama zimatupa, zimatuluka magazi, kenako zimayamba kuthawa dzino. Pansi pake pamasonkhana mafinya, omwe ndiwo amabweretsa fungo, ndipo fupa logwira dzino limadyeka mpaka dzino kuyamba kugwedera. Zonsezi zimachitika popanda ululu wambiri, n'chifukwa chake anthu amabwera mochedwa. Anawafunsanso ngati amasuta. Abambo anandiyang'ana kaye ine asanavomere.

Kenako anatenga kachitsulo kokhota kumapeto n'kuyamba kupala. Phokoso lake linali ngati la munthu wopala nkhoko m'poto, ndipo m'kambale kachitsulo munkagwera tizibenthu tachikasu ndi takuda. Sindinkakhulupirira kuti zonsezo zinkachokera mkamwa mwa munthu amene ankatiyendera zikhadabo. Abambo anagwira mpando mpaka mitsempha ya m'manja kuonekera, koma sanabuule. Mano anayi akutsogolo kumunsi anali atagwedera kale mosatheka kuwapulumutsa. Awiri anazulidwa tsiku lomwelo, ena awiri titabwereranso patatha milungu iwiri.

Itafika nthawi yanga, woona za mano uja anangondiunika pang'ono n'kunena kuti changa changoyamba kumene, chili m'nkhama mokha, ndipo chitha ndikamatsuka bwino. Anationetsa katsukidwe kake pa mano ake omwe. Mswachi uzipendekera pamene dzino lakumana ndi nkhama, uziyenda pang'onopang'ono, kunja ndi mkati, dzino limodzilimodzi, m'mawa ndiponso tisanagone. Popanda mswachi, kamtengo kakawisi kotafunidwa kumapeto mpaka kufewa kamagwira ntchito yomweyo. Pakati pa mano tizidutsitsapo ulusi woyera. Anati tizichukucha ndi madzi ofunda amchere mpaka zilonda zitapola, tizidya masamba ndi zipatso, ndipo abambo asiye fodya n'kumabwera kudzapalitsa nthawi ndi nthawi. Mawu amodzi anawabwereza kawiri: "Mukaona magazi musasiye kutsuka. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepo."

Teremu yatsopano itayamba, abambo anali ndi mpata waukulu m'mano akumunsi, ndipo mawu ena ankatuluka ndi kamluzu. Ndinkaopa kuti dzina lachiwiri lachipongwe lili m'njira. Tsiku loyamba lomwelo analemba pabolodi ndi zilembo zikuluzikulu kuti CHISEYEYE, n'kutembenuka, n'kutsegula pakamwa kuti kalasi yonse ione. Anayenda mzere uliwonse ali chiyasamire. Palibe anaseka. Atatero anafotokoza zonse zimene tinauzidwa kuchipatala, mwadongosolo ngati akuphunzitsa za mitsinje ya m'Malawi, ndipo zina anatilembetsa m'makope. Za dzina lija sanatchulepo.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse tinkaima pamzere kuseri kwa kalasi, aliyense ndi kamtengo kake ka gwafa ndi kachitini ka madzi, tikutsuka mano uku zala zitauma ndi chisanu. Lolemba, pambuyo pa zikhadabo ndi makutu, ankatiuza kuti tikweze milomo. Mitengo ya magwafa ya pafupi ndi sukulu inatha nthambi zam'munsi, mpaka ahedi anadandaula. Magazi anga anasiya pasanathe mwezi. Fungo la abambo linachepa mpaka kutha, ndipo madesiki akutsogolo anadzazanso. Fodya ndiye anawavuta. Anasiya n'kuyambiranso kangapo, asanalekeretu ine ndili kusekondale. Pa zimene ndinawauza tsiku la ndewu lija, sanandithokozepo, komanso sanandidzudzulepo. Anamwalira ali okalamba, mano otsala aja ambiri akadalipo.

Masiku ano mswachi ndi mankhwala otsukira mano zimapezeka ngakhale m'kagolosale ka m'mudzi, pashelefu imodzimodzi ndi maswiti ndi zakumwa zotsekemera zimene ife tinkaziona pa Khirisimasi pokha. Adzukulu anga amandiuza chilichonse chimene aona pa ine osayamba aganiza kaye, ndipo palibe amawatuma kukazula chitsa. Anthu amalankhula momasuka pawailesi ndi m'minibasi nkhani zimene makolo athu ankatsekera zitseko. Koma za mkamwa mwa munthu wamkulu, sindikuona kuti zasintha kwenikweni. Kumpingo kwathu kuno kuli mayi wina wa msinkhu wanga amene timakhala benchi imodzi, munthu waulemu ndi waukhondo, ndipo fungo limene limabwera akamaimba ndimalidziwa bwino. Amayi ena ayamba kusiya mpata pakati pawo ndi iye. Ndinamugulira mswachi wofewa, ndinafunsanso masiku amene a mano amakhalapo kuchipatala. Lamulungu likubwerali ukwana mwezi mswachiwo uli m'chikwama changa.